ANambewe ndi Ana Oopa Mbale

Mvula yoyamba itagwa sabata yatha, ndinakumbukira kuti chakwana chaka chimwalirireni aNambewe. Anapita nyengo ngati ino, anthu ali kalikiliki kubzala. Mayi woyandikana nawo nyumba ndiye anawapeza dzuwa lili pamutu, atagwa pafupi ndi mpopi wa kuseri, madzi akusefukira mu ndowa. Anali akupuma koma lilime litalemera. Kuchipatala anagonako masiku ochepa, ndipo anatsirizika osanenapo kanthu.

Dzina lawo la ubatizo linali Esinati, koma muno mu Katete aliyense ankangoti aNambewe. Akale ankawatchulabe kuti aNesi, poti anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Ena, akakhala kuti iwo sali pafupi, ankati adokotala a maganizo, ndipo sankanena mowalemekeza.

Maliro awo sanali aakulu. Amayi a chigwirizano anaimba monga mwa nthawi zonse, panali anzawo akale a kuchipatala angapo, ndi achibale ochokera kumidzi ya ku Mkaika kumene anabadwira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Roda, anafika kuchokera ku Kitwe mwambo utayamba kale. Anali mayi wochepa thupi, wovala magalasi akuda, ndipo poyenda ankagwira mkono wa mwamuna wake. Anabwerera tsiku lomwelo, zakudya za pamaliro osazikhudza. Anthu ananong'onezana zambiri za mwana wotere. 

Ndinadziwana ndi aNambewe chifukwa cha ntchito. Ndimaphunzitsa Chinyanja ndi Chingerezi pa sekondale ina muno m'boma, ndipo iwo ankafuna munthu wowalembera mawu amene ankajambula pa kachipangizo kawo, n'kuwamasulira m'Chingerezi kuti aphunzitsi awo a ku yunivesite ku Lusaka awerenge. Atapuma pantchito, imvi zili mbuu, analowanso sukulu kukaphunzira za maganizo ndi khalidwe la munthu, nakhala m'kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu awo. Pamene ndinkawadziwa n'kuti akuchita kafukufuku pakati pa achinyamata odwala shuga, mtundu uja wogwira ana, woti munthu azidzibaya jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Za mankhwala ankasiyira madokotala. Iwo ankafuna kudziwa chimene chimachitika mumtima mwa mwana pamene chakudya chasanduka chinthu choyezedwa ndi chokalipiridwa, ndiponso chimene makolo ndi anamwino angachite msanga kuti mwanayo asafike poopa mbale, kapena pomadya mobisala ngati mbala.

Tsiku loyamba ndinawauza maganizo anga, kuti kwathu kuno anthu amavutika ndi kusowa chakudya, osati kuchikana. Anandiyang'ana chapamwamba pa magalasi, n'kundipatsa tomvera ta m'makutu.

"Mverani kaye, aphunzitsi. Tikambirana mukatha."

Ndinamvera. Panali mnyamata wa ku Sinda amene ankadzigoneka ndi njala likayandikira tsiku la kiliniki, kuti kamakina koyezera shuga kasonyeze nambala yotsika, asakalipiridwe. Panali mtsikana amene ankagula vitumbuwa, kukadyera kuseri kwa chimbudzi cha sukulu, kenako n'kudzisanzitsa ndi chala. Wina ananena kuti kwawo amamuphikira zakezake n'kumukhazika payekha, ndipo abale ake akamamwa thobwa iye amatumidwa kukaona mbuzi. Mayina a ana onsewo aNambewe ankawasintha ndisanayambe n'kulemba komwe.

Chimene chinandivuta pa ntchitoyo chinali chete wawo. Akafunsa funso, mwana n'kukhala duu, iwo sankathandizira. M'makutu mwanga munkangomveka nkhuku, ngolo ikudutsa, mwina belu la sukulu patali. Poyamba ndinkadumpha malo oterowo. Atazindikira anandibwezera mapepala onse, nati ndizilemba paliponse pamene mwana wakhala chete, ndiponso ngati anakhala kanthawi kapena nthawi yaitali. Ankati mawu oona amabwera pambuyo pa chete, ndipo akuluakulu timawathamangitsa chifukwa chete amatiyabwa ife tomwe.

Sanali munthu wofewa. Amene akuyembekeza kuti ndilemba za gogo wokoma m'kamwa sanawadziwe. Ankakonza Chingerezi changa ndi cholembera chofiira ngati ndine mwana wa sukulu. Ukachedwa sankakufunsa chifukwa, ankangoyang'ana wotchi. Ankayenda ndi ambulera yakuda chilimwe ndi dzinja lomwe, ndipo akafuna kutsindika mfundo ankagogoda nayo pansi. Ngakhale aphunzitsi awo a ku Lusaka anawalawa. Mafunso amene anawatumizira poyamba anali ochokera kunja, ongomasuliridwa. Lina linkafunsa ngati mwana amadumpha chakudya, ndipo aNambewe anawaimbira foni ine ndili pomwepo, kuwauza kuti m'mwezi wa njala mudzi wonse umadumpha chakudya, ndiye funso losasiyanitsa mwana wosowa ndi mwana woopa ndi funso lakhungu. Lina linkafunsa ngati mwana amadziona wonenepa. Anawakumbutsa kuti kumudzi mawu oti wanenepa ndi chiyamikiro, pamene mtsikana yemweyo akafika kusukulu yogonera komweko, kumene anzake amaonetsana zithunzi pa foni, mawu omwewo ndi chitonzo. Mwana mmodzi, ankatero, amakhala pakati pa magalasi awiri osagwirizana. Mkanganowo unatenga miyezi, ndipo mafunsowo analembedwanso.

Mkangano umene anthu amaukumbukira kwambiri ndi wa sikelo. Pa kiliniki ya shuga, sikelo inkakhala pakhonde, ndipo namwino ankatchula mokweza kulemera kwa munthu ndi nambala ya shuga kuti wolemba amve. Ana ankakwera pa sikelo mzere wonse ukumvetsera. Tsiku lina aNambewe anangoinyamula okha, kukaiika kuseri kwa katani. Woyang'anira kilinikiyo, Sisita Daka, anawatsatira.

"Amayi, laini yafika mpaka panja, ine nili neka. Mufuna nizinong'oneza aliyense? Munali nesi na imwe, mwaiwala?"

"Sindinaiwale," anatero aNambewe. "Ndinkakuwa kuposa inu."

Sisita Daka sankanama: anali yekhadi, ndipo katani ija inachedwetsa mzere. Sikelo inakhalabe kuseriko, koma awiriwo anatha nthawi yaitali akungodutsana osapatsana moni. Komabe pamene aNambewe anagonekedwa m'chipatala osatha kuyankhula, amene ankabwera kudzawatembenuza ndi kuwapukuta kumaso, ngakhale sinali wodi yake, anali Sisita Daka yemweyo.

Kutchalitchi nako anadzipalira. Anaimirira pa msonkhano wa amayi n'kupempha kuti asiye kupatsa ana a eni moni wa thupi, uja wakuti koma wanenepa, kapena waonderanji chonchi. Anati mwana apatsidwe moni ngati munthu, mnofu wake ausiye. Amayi ena anaseka, ena anakhumudwa, poti moni woterowo anaupeza kwa makolo awo ndipo sankafuna kupweteka nawo munthu. Mmodzi anati sukulu ya kuukalamba yawazunguza mutu. Kuyambira pamenepo aNambewe ankakhala kumapeto kwa benchi, ndipo mapemphero akatha ankatsegula ambulera yawo n'kumapita. Amuna awo, amene anali mphunzitsi, anamwalira kalekale. Kunyumba kwawo, cha kumunsi kwa phiri, kunkafika anthu ochepa.

Loweruka limodzi pa mwezi ndiye pakhonde pawo pankadzaza. Ankaitana achinyamata aja, ena ochokera kutali ndi njinga, kuti adzadyere pamodzi chakudya wamba chimene banja lililonse limadya. Wofuna kudzibaya ankadzibaya poyera. Panalibe wofunsa mnzake nambala. Mawu akuti choletsedwa, kapena akuti waba, sankaloledwa pakhondepo. Ankawauza kuti nambala ya pa kamakina ndi uthenga chabe wothandiza kudziwa chochita, si chigamulo cha mlandu, ndipo kuti munthu sakhala wabwino kapena woipa chifukwa cha chimene wadya. Makolo ankawaitana tsiku lawolawo. Kumeneko ankalankhula zoti banja lonse lizidya zofanana, mwana asamakhale ndi kambale ka matenda, ndiponso kuti kholo likasanduka wapolisi mwana amasanduka wozemba. Ankanena mosabisa kuti sakudziwa ngati njira imeneyi ithandizadi, ndipo kuti n'chifukwa chake akufufuza. Ana ankawaopa pang'ono, koma ankabwera.

Nkhani imene ndimawakumbukira nayo kwambiri ndi ya mtsikana amene ndimutche Zione. Kwawo ndi kumudzi wina kupitirira Vubwi, kufupi ndi malire, kumene foni imagwira za ku Malawi. Matenda atamuyamba anaonda mpaka anthu kuyamba kunong'ona kuti ali ndi kachilombo. Atapezeka ndi shuga n'kuyamba jakisoni, thupi linabwerera msanga, ndipo manong'onong'o anatembenuka: kusukulu yogonera ya ku Vubwi kumene ankaphunzira, anzake anayamba kunena kuti ali ndi pakati. Mayi woyang'anira atsikana anachita kumuitanira pambali kukamufunsa. Zione anali mwana wanzeru, ndipo anatulukira yekha chinthu choopsa, chakuti akasiya kubaya thupi limatsika ngakhale adye.

ANambewe anacheza naye kangapo kusukuluko osamva zimenezi. Tsiku limene Zione ananena, pa kachipangizo panadutsa chete wautali kuposa onse amene ndinalembapo. Kenako mawu a mtsikana, otsika:

"Ndikasiya kubaya masiku angapo, siketi imandikwana."

"Akudziwa ndani?"

"Inu nokha."

"Zione, ukukumbukira zimene ndinakuuza tsiku loyamba, amayi ako ali pomwepo? Ndinati zonse ndidzasunga, kupatula chimene chingakuphe."

"Munati simudzauza munthu."

"Ndinati kupatula. Ichi chingakuphe, mwanangu. Tiye tikauze adokotala limodzi, iwe ndi ine. Ulankhule wekha, ine ndingokhala pambali."

"Mukawauza, sindidzakuyankhulaninso."

Pomaliza anavomera kuti apita, napempha kuti akatenge kaye juzi kogona. Sanabwerenso. Sukulu inali ikutsekera, ndipo anakwera galimoto ya thonje imene inkapita cha kwawo. ANambewe anakauza wachipatala wa ku Vubwi, anaimbiranso aphunzitsi awo, koma foni ya amake Zione sinkagwira, ndipo kuchipatalako kunalibe woti n'kumutuma msanga. Anabwerera ku Katete, koma mtima sunakhale pansi. M'mawa mwake anafika kwathu ndi ambulera yawo, nati ndiwaperekeze, poti mwendo unkawavuta ndipo sankafuna kukalankhula nkhani yotere popanda mboni.

Inali nyengo ya mvula. Tinakwera minibasi, kenako galimoto ina imene inatisiya pamene msewu unathera m'matope. Kuchokera pamenepo tinakwera njinga zamoto. Ndinkawaona patsogolo panga, mayi wokalamba atakhala chammbali, dzanja limodzi litagwira malaya a woyendetsa, lina litafumbata ambulera. Pa kamtsinje kena tinatsika kuoloka wapansi, madzi m'mawondo. Sanadandaule njira yonse.

Amake Zione tinawapeza akupalira m'munda wa nshawa. Anatilandira modabwa, nati mwana wagona m'nyumba, malungo amugwira, wakhala akusanza ndi kumwa madzi osakhuta. ANambewe sanadikire mpando. Analowa, ine pambuyo. Zione anali gone pamphasa, milomo itauma gwa, akupuma mozama ngati munthu wokwera phiri, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati zipatso zoyamba kuola. Pakona panali kamphika ka dothi ka mchenga wonyowa kosungiramo mankhwala kuti asatenthedwe. ANambewe anatulutsa kabotolo n'kukayang'ana polowera kuwala. Kanali kodzaza pafupifupi.

"Awa si malungo," anatero. "Tinyamuke tsopano lino."

Woyendetsa njinga mmodzi anamukweza pakati, malume a Zione atamugwira kumbuyo. Zione anatsegula maso pamene ankamunyamula, anaona aNambewe, n'kuwatsekanso. Kuchipatala cha pafupi anamuika madzi a m'mitsempha, kenako anamutumiza ku chachikulu. Wachipatala anatiuza kuti tikanachedwa tsiku lina, bwenzi nkhani ili ina.

Tsiku lotsatira, masana, tinakhala ndi amake Zione pa shedi ya odikirira odwala, ndipo aNambewe anawauza zoona zake. Mayiyo anaimirira, chitenje chikumasuka.

"Ine ndimadzimana chifukwa cha mwana ameneyu. Ndimamuphikira zakezake. Chikwama chake ndimachisecha kuti asabise zotsekemera. Ndiye azisiya mankhwala dala? Adzuke, andiuze bwino."

Anayamba kulunjika kuwodi. ANambewe anawagwira pamkono.

"Amake Zione, khalani pansi ndikuuzeni za mwana wanga."

Ndinali nditagwira nawo ntchito nthawi yaitali, koma za mwana wawo ndinkangodziwa kuti ali ku Kitwe. Analankhula maso ali pansi, mawu osakwera osatsika.

"Roda anadwala matenda omwewa ali kamtsikana. Ine ndinali nesi, ndiye ndinalumbira kuti sadzafa ine ndili moyo. Ndinakhoma kabati. Akabwera kusukulu ndinkamununkhiza m'kamwa. Tsiku lina paukwati anatenga kachidutswa ka keke, ndinamulanda anthu akuona. Za shuga ndinkazidziwa zonse, koma za mumtima mwa mwana wanga sindinafunsepo. Anaphunzira kunama. Anaphunzira kudyera kuchimbudzi, ndi kusiya jakisoni ngati mmene wachitira wanuyu. Ndinazidziwa maso ake atayamba kale kuwonongeka. Ali moyo, ali pabanja. Koma akabwera kwathu sadya ine ndikuona. Amatenga mbale kukadyera m'galimoto."

Amake Zione anakhala pansi. Pa shedipo amayi ena amene ankaphika anali atasiya kucheza. Patapita nthawi mayiyo anafunsa chapansipansi kuti nanga achite chiyani.

"Akadzuka musamufunse chifukwa chake. Mumuuze kuti mwakondwa kuti wadzuka. Zinazo tidzakambirana pang'onopang'ono, pamodzi ndi achipatala."

Zione anachira. ANambewe atalowa kukamuona, anatembenukira kukhoma, ndipo anakhala choncho mpaka iwo anatuluka. Patapita milungu ingapo anatuma amake kudzanena kuti watuluka mu kafukufuku, ndipo mawu ake onse achotsedwe. Anali ndi ufulu wotero. ANambewe anali atamuuza okha pachiyambi. Anandiitana kunyumba kwawo, anafufuta zojambulazo ine ndikuona, ndipo mapepala amene ndinali nditalemba anawatentha kuseri. Ndinawauza kuti pa zonse zimene tinasonkhanitsa, mawu a Zione ndiwo akanatsegula anthu maso. Anavomera kuti n'zoona, nati koma mawuwo ndi a mwini wake.

Anakonza zoti mlangizi wina wa kuchipatala cha kumeneko azionana ndi Zione, poti iwo sakanathanso. Ndi amake ankakumanabe nthawi ndi nthawi. Akaimbira wachipatala wa ku Vubwi pa nkhani zina, pomaliza ankangofunsa kuti, alipo? Akamva kuti alipo, ankadula foni. Kuchokera pa ulendo uja mwendo sunawalolenso kuyenda kutali, ndipo ndinaona kuti akalamba. Ndinawafunsa tsiku lina ngati amanong'oneza bondo. Anati zitachitikanso angachite chimodzimodzi, koma ndisaganize kuti kuchita choyenera kumamuchezetsa munthu. Umachita, kenako umakhala wekha ndi chimene wachitacho.

Za Roda sitinakambenso, kupatula kamodzi. Tinali kumwa tiyi titamaliza ntchito, ndipo ndinalimba mtima kufunsa ngati anamuuzapo mwana wawo zimene anauza amake Zione. Anati anayesapo pa foni. Anakonzekera mawu sabata yonse, ndipo atayamba, Roda anawadula mwaulemu, nati zinapita amama, kenako n'kufunsa ngati mvula yayamba ku Katete. Iwo anayankha za mvulayo. Atandiuza zimenezi anatenga makapu kukatsuka, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yanga yopita yakwana.

Kafukufuku wawo sanathe. Atamwalira, munthu wina wa ku yunivesite anabwera kudzatenga mabokosi a mapepala, nati aona chimene angachite. Sindinamvenso kanthu. Loweruka lija la pakhonde linatha nawo. Ana ena ndimakumana nawo mumsika, timapatsana moni, koma sindifunsa zambiri, poti si ine amene anandiuza zinsinsi zawo. Ine ndinkangomvera kuseri.

Zione ndinakumana naye m'chilimwe, pa siteshoni ya maminibasi muno mu Katete. Ndi iye anandizindikira. Wakula, ndipo akuphunzira zosoka ku Chipata. Anandipatsa moni mogwira chigongono, kenako tinaima osadziwa poyambira.

"Ndinamva za amayi aja," anatero.

"Eya, anatisiya."

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Ayi, anagwa kunyumba, n'kugona kuchipatala masiku ochepa chabe."

"Pamene ankagwa anali ndi ndani?"

"Anali okha."

Anayang'ana kumsewu, kumene mathiraki opita ku Lusaka ankadutsa. Kenako anati amabaya tsiku lililonse. Masiku ena kumavutabe, makamaka akamayeza anthu m'chiuno ndi tepi kusukulu yosokako, koma amabaya, ndipo zikamulemera amauza amake. Anati ankafuna kudzawauza aNambewe zimenezi, koma ankadikira kuti mkwiyo uthe kaye, ndipo sunathe msanga. Ndinamufunsa ngati angalole kuti tsiku lina ndidzalembe za iye polemba za iwo. Anaganiza, nati ndilembe koma dzina ndisinthe. Kondakitala anaitana a ku Chipata, ndipo anakwera.

Loweruka lapitali ndinadutsira kunyumba kwawo kuja. Pakhonde ndinapeza bambo wina atakhala ndi mwana wake wamkazi, njinga atayedzamiritsa ku chipilala. Anati achokera cha ku Sinda, ananyamuka mbandakucha. Munthu wina kuchigayo anawauza kuti ku Katete kuli mayi amene amadziwa kulankhula ndi ana a shuga akayamba kukana chakudya. Anagogoda, ndipo poona kuti palibe woyankha anaganiza kuti mwina apita kumsika.

Ndinawauza kuti mayi aja anamwalira. Bamboyo anavula chipewa, nakhala nacho m'manja.

"Nanga tipite kwa ndani, amayi?"

Ndinawalozera njira ya kukiliniki, ndi kuwauza kuti akafunse Sisita Daka ndipo akanene zonse monga anandiuzira ine. Bamboyo anatenga njinga ija. Mtsikanayo anakwera pa kaliyala, ndipo ndinawaona akutsika pang'onopang'ono kulowera kumsewu waukulu.

Ndinatsala ndekha pabwalo. Nyumbayo ndi yokhoma, achibale sanagwirizanebe chochita nayo. Udzu wamera mpaka pa sitepe, ndipo mavu amanga pamwamba pa chitseko. Pazenera la kuchipinda katani inagwa mbali imodzi, moti ukasuzumira umaona bedi lopanda matiresi ndi nsapato ziwiri zakuda zitaikidwa bwinobwino pansi pake. Mango a kuseri apsa, akungogwa okha n'kuolera pansi, ndipo ngakhale ana a m'deralo sanayambe kulowa kudzatola. Pa fumbi la pakhonde panatsala malo awiri oyera pamene panakhala bambo uja ndi mwana wake. Ndinaima pamenepo kanthawi, mpaka mvula inayamba kudontha pa malata, ndipo panalibe woti n'kumutsanzika.